Asilikali othamangira ngozi alipo, nanga sitima yowafikitsa kumtunda ili kuti?

Amene adakwerapo Ilala amadziwa kuti ulendo suthera pomwe sitima yaima. Kumalo kopanda doko, sitima imaponya nangula chapatali, amalinyero n'kutsitsa maboti a m'mbali mwake. Anthu amatsikira pamakwerero mmodzimmodzi, kwinaku matumba a ufa, njinga ndi malata zikudutsa pamwamba pa mitu yawo. Boti likayandikira mchenga, abambo amapinda mathalauza, amayi kukwinya zitenje, n'kudumphira m'madzi ofika m'mawondo, katundu ali pamutu. Kukagwa mwera, ntchito ya ola limodzi imadya theka la tsiku.

Tsono tiyerekeze kuti otsikawo ndi asilikali mazanamazana, katunduyo ndi magalimoto, akasinja, mafuta ndi zipolopolo, nthawi ndi usiku, ndipo kumtundako kuli anthu amene sakufuna kuti wina aliyense apondeko. Kampata kameneka, kochokera pasitima kukafika pamchenga, ndiko kovuta kuposa ulendo wonse wa panyanja. Pali sitima zankhondo zomwe zidapangidwira kampata komweka basi, ndipo dziko la Britain, lomwe kwa zaka zambiri lidali katswiri pa ntchitoyi, lidapumitsa ziwiri zake zazikulu pamene zolowa m'malo mwake zikadali papepala.

Sitima ziwirizi ndi HMS Albion ndi HMS Bulwark. Zidamangidwa ku Barrow-in-Furness ku England, zidatsitsidwira m'madzi mu 2001, Albion n'kuyamba ntchito mu 2003, inzake n'kutsatira pambuyo pake. Iliyonse ndi yotalika mamita 176, ndipo ikadzaza imalemera matani pafupifupi 19,000. Ukaiona ili padoko sungaiyese yapadera: ilibe mizinga ikuluikulu, ilibe msana wautali ngati sitima zonyamula ndege. Chinsinsi chake chili kumbuyo, m'mimba.

Kumbuyoko kuli chipinda chachikulu chotsekedwa ndi chitseko chachitsulo. Sitima ikafika pomwe ikufuna kutsitsa anthu, imamwa madzi mwadala m'mathanki ake mpaka mbuyo yake itatsika. Chitseko chija chimagwetsedwa, nyanja n'kulowa m'chipindamo, ndipo maboti anayi aphwatalala omwe adakhala pouma ulendo wonse amayamba kuyandama. Magalimoto amatsetsereka kuchokera m'chipinda chawo kulowa m'mabotimo mkati mwa sitima momwemo, mopanda mphepo, mopanda makwerero. Boti limodzi lotere limatha kusenza kasinja wa Challenger 2 kapena asilikali 120, n'kukagwetsa chitseko chake chakutsogolo pamchenga penipeni. Maboti ena anayi ang'onoang'ono amapachikidwa m'mbali, monga a Ilala aja. Pamwamba pali bwalo loteraponso helikopita, ndipo mkati muli chipinda chomwe akuluakulu a nkhondo amalamulirako zonse za pamadzi, za mlengalenga ndi za kumtunda. Mwachidule, sitimayi imayenda ndi doko lake.

Eni ake a ntchitoyi ndi a Royal Marines, asilikali omwe amakhala pansi pa nthambi ya nkhondo ya pamadzi koma amamenyera pamtunda. Ndiwo amene boma la Britain limadalira kuti anyamuke m'masiku ochepa kukabuka vuto kutali. Adagawidwa m'magulu awiri oyenda ndi sitima: lina loyang'ana kumpoto kwa Europe, makamaka Norway ndi nyanja ya Baltic, lina loyang'ana kum'mawa kwa ngalande ya Suez ya ku Egypt, lodalira doko la Duqm ku Oman. Britain imatsogoleranso Joint Expeditionary Force, mgwirizano wa maiko khumi womwe udayambika mu 2014, momwe muli Norway, Sweden, Finland, Denmark, Iceland, Netherlands, Estonia, Latvia ndi Lithuania. Maiko amenewa ali ndi magombe okhotakhota, zilumba zambirimbiri, ndipo ena ali pakhomo penipeni pa Russia. Lonjezo la Britain kwa iwo n'lakuti ibwera msanga. Funso n'lakuti ibwera pachiyani.

Pa 20 November 2024, nduna ya zachitetezo John Healey idauza Nyumba ya Malamulo kuti Albion ndi Bulwark zipumitsidwa, ngakhale ndondomeko yakale idali yoti zigwire ntchito mpaka 2033 ndi 2034. Mfundo ya ndunayi idali yakuti sitimazi zidali zitapuma kale m'zochitika, zidangotsala m'mabuku, uku zikudya mapaundi 9 miliyoni pachaka. Ndipo apa sidaname. Kuyambira pomwe boma lidaunikanso chitetezo mu 2010, sitimazi zinkasinthana: ina ikakhala panyanja, inzake idali yomangirira padoko ku Devonport ndi anthu ochepa oyisamalira. Albion idabwerako ku ulendo wake womaliza mu 2023, ndipo Bulwark, yomwe imayenera kulandira ntchitoyo, sidanyamuke.

Chidaziimitsa si dzimbiri ayi. Zaka makumi awiri si ukalamba kwa sitima yankhondo, makamaka yomwe zaka zambiri za moyo wake yakhala ili padoko. Chidaziimitsa ndi kusowa kwa anthu. Albion imodzi imafuna amalinyero oposa 300 kuti iyende, kupatula asilikali omwe yanyamula. Nthawi yomweyo Britain idali italandira sitima ziwiri zikuluzikulu zonyamula ndege, Queen Elizabeth ndi Prince of Wales, iliyonse yofuna anthu mazanamazana, pomwe olowa ntchito ya pamadzi adali ochepa kuposa otuluka. Akuluakulu akakhala ndi mainjiniya ochepa, amawatumiza ku sitima zomwe sizingalephere kunyamuka, ndipo yotsitsa asilikali kugombe ndiyo imatsala. Ine ndimaona kuti ichi ndicho chenicheni cha nkhani yonseyi, ngakhale chimamveka pang'ono kuposa za mizinga ndi ndalama.

Zomwe zatsala ndi sitima zitatu za mtundu wa Bay: Lyme Bay, Mounts Bay ndi Cardigan Bay, zomwe zidayamba ntchito mu 2006 ndi 2007. Zidali zinayi, koma Largs Bay idagulitsidwa ku Australia mu 2011. Izi nazo zili ndi doko la m'mimba, koma laling'ono, lolowa boti lalikulu limodzi lokha. Zidapangidwa kuti zizibwera pambuyo, gombe litalandidwa kale, kudzatsitsa katundu wambiri. Oziyendetsa ndi a Royal Fleet Auxiliary, omwe ndi amalinyero wamba olembedwa ndi boma, ndipo nawonso ndi operewera; mu 2024 adanyanyala ntchito chifukwa cha malipiro. Pagulu lomweli padalinso Argus, yomwe mbiri yake ndi yodabwitsa: idamangidwa ku Italy mu 1981 ngati sitima yonyamula makontena, boma lidaibwereka pa nkhondo ya ku Falklands, kenako n'kuigula n'kuisandutsa yonyamula helikopita komanso chipatala cha mabedi 100. Ndi yomweyi yomwe idapita ku Sierra Leone mu 2014 nthawi ya Ebola. HMS Ocean, yomwe idali yonyamula helikopita za a Royal Marines, idagulitsidwa ku Brazil mu 2018, ndipo mu 2025 dziko lomweli lidagwirizana zogula Bulwark.

Amene amadandaula kwambiri ndi izi amakumbutsa za 1982, ndipo ali ndi chifukwa. Mu 1981 nduna ya zachitetezo ya nthawi imeneyo, John Nott, idakonza zochepetsa sitima zankhondo, ndipo pamndandanda wa zochotsedwa padali Fearless ndi Intrepid, makolo a Albion ndi Bulwark. Ganizo lochotsa ziwirizi lidasinthidwa, koma pamene Argentina idalanda zilumba za Falklands pa 2 April 1982, Intrepid idali italowa kale m'gulu la zosungidwa, ndipo adachita kuitanitsa anthu ake mwachangu. Zilumbazi zili pamtunda wa makilomita pafupifupi 13,000 kuchokera ku Britain, ndipo padalibe doko kapena bwalo la ndege lomwe asilikali akadatsikirapo mwamtendere. Pa 21 May adatsikira ku San Carlos, ndipo maboti omwe adawafikitsa pagombe adatuluka m'mimba mwa sitima ziwiri zomwe boma lidatsala pang'ono kutaya.

Nkhondo yomweyo idaonetsanso zomwe zimachitika zida zotsitsira zikaperewera. Pa 25 May mzinga udagunda Atlantic Conveyor, sitima yamalonda yomwe idanyamula helikopita zazikulu za Chinook, ndipo mwa zinayi padapulumuka imodzi. Asilikali omwe amayenera kuuluka adayenda wapansi makilomita ambirimbiri m'madambo ozizira, katundu ali kumsana. Ena adawazungulitsa panyanja. Pa 8 June, sitima ya Sir Galahad idaima pafupi ndi Fitzroy dzuwa likuswa mtengo, asilikali a Welsh Guards ali m'kati kwa maola angapo kudikira kutsitsidwa. Ndege za Argentina zidaipeza pomwepo, ndipo anthu 48 adafa. Adafera m'kampata kaja, gombe akuliona ndi maso.

Komabe, kunena kuti angomanga Albion ina yatsopano sikungathetse nkhani, chifukwa nyanja ya lero si ya 1982. Boti lalikulu lija lonyamula kasinja limayenda pang'onopang'ono, makilomita osakwana 20 pa ola. Kuti lizipita ndi kubwerera kangapo usiku umodzi, sitima mayi iyenera kuima pafupi ndi gombe, pomwe munthu wakumtunda angaione. Kale zimenezi zinkatheka ngati wagonjetsa ndege za mdani. Lero mizinga yogunda sitima imayenda pamalole, imabisala m'nkhalango, ndipo imafika makilomita mazana. Ndege zing'onozing'ono zopanda woyendetsa zimaona chilichonse, ndipo mtengo wake ndi wochepa.

Umboni wake uli pa nyanja ya Black Sea. Ukraine, dziko lomwe lidalibe sitima zankhondo zotchulika, lidamiza Moskva, sitima yaikulu yankhondo ya Russia, mu April 2022 ndi mizinga yochokera kumtunda. Sitima za Russia zotsitsa asilikali ndizo zidaona zakuda kwambiri: Saratov idaphulitsidwa padoko la Berdyansk mu March 2022, Novocherkassk ku Feodosia mu December 2023, ndipo Caesar Kunikov idamizidwa mu February 2024 ndi timaboti topanda munthu todzaza mabomba. Russia idali ndi sitima zotere zambiri m'nyanjamo, koma sidayese n'komwe kutsitsa asilikali ku Odesa, mzinda wa doko wa Ukraine. Ku Red Sea nako, a Houthi a ku Yemen, omwe si boma lolemera, adasokoneza njira ya malonda ya dziko lonse kuyambira kumapeto kwa 2023. Amene angaimike sitima ya matani 19,000, yodzaza anthu, makilomita khumi kuchokera pagombe lotere, ndiye kuti wawapereka anthuwo kuimfa.

N'chifukwa chake a Royal Marines adasintha kaganizidwe. M'malo motsitsa chikhamu cha asilikali pagombe limodzi, akufuna kumatumiza timagulu ting'onoting'ono m'malo osiyanasiyana, usiku, kuti tikafufuze, tikawononge zida zoonera ndi zoponyera mizinga, n'kutsegulira njira ena. Izi zikutanthauza kuti sitima iime kutali kwambiri, kuseri kwa pomwe maso ndi zida za pagombe zimafika. Koma ikaima makilomita 150, boti lakale lija litenga maola asanu ndi atatu kuti lifike, asilikali atazizidwa, atasanza, mphamvu zitatha. Pakufunika maboti othamanga, otsika, ovuta kuwaona. Pakufunika helikopita zogona m'sitima momwemo, pomwe Albion idalibe nyumba yosungiramo helikopita, idali ndi bwalo lokha. Pakufunikanso malo onyamukira ndege zopanda woyendetsa, ndi zida zoti sitimayo izidziteteza yokha.

Yankho la boma ndi sitima zomwe zidalengezedwa mu May 2024 ndi nduna ya nthawiyo, Grant Shapps, pansi pa dzina la Multi-Role Support Ship, lomwe pambuyo pake lidasinthidwa kukhala Multi-Role Strike Ship pofuna kutsindika kuti ndi zomenyera nkhondo, osati zongonyamula katundu. Mtundu umodziwu ndiwo ulowe m'malo mwa Albion, Bulwark, ma Bay atatu ndi Argus, ndipo yoyamba ikuyembekezeka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2030. Chiwerengero chake chidanenedwa motere: zosapitirira zisanu ndi imodzi. Mawu amenewo ndi ofunika kuwamvetsa. Sitima zankhondo za mtundu wa Type 45 zidayenera kukhala 12, zidamangidwa zisanu ndi imodzi. Za Type 26 zidayenera kukhala 13, zidatsikira pa zisanu ndi zitatu. Amene amatsatira nkhani za sitima ku Britain akamva kuti "zosapitirira", amayamba kuchotsera okha.

Ndipo chiwerengero si nkhani yaing'ono. Sitima yankhondo siikhala panyanja chaka chonse. Mwa zitatu zilizonse, kawirikawiri imodzi imakhala pa ntchito, ina ikukonzedwa, ina ikuphunzitsa anthu ake kapena ili m'njira. Zikakhala zisanu ndi imodzi, Britain ingathe kukhala ndi imodzi kumpoto ndi ina kum'mawa nthawi zonse. Zikakhala zitatu, ndiye kuti imodzi yokha, ndipo tsiku lomwe yafunika ku Norway ikhoza kukhala ili ku Oman, ulendo wa masabata. Gulu lothamangira ngozi lomwe sitima yake ili kutsidya lina la dziko lapansi silithamanga.

Chinanso chondidetsa nkhawa ndi kuchuluka kwa ntchito zomwe akuisenzetsa sitima imodzi. Ikhale ndi doko, ikhale ndi nyumba ya helikopita, ikhale chipatala, ikhale likulu lolamulira, inyamule magalimoto, idziteteze ku mizinga, mwinanso iponye mizinga yake, ndipo zonsezi ndi amalinyero ochepa. Akuluakulu adati ichi chakoma ichi chakoma, pusi adagwa chagada. Chilichonse chowonjezera chimakulitsa sitima ndi mtengo wake, mtengo ukakwera chiwerengero chimatsika, ndipo sitima ikakhala yodula kwambiri, olamula amaopa kuiyandikizitsa pomwe pali ngozi, pomwe ndipo idapangidwira.

A ku Netherlands adasankha njira ina. Asilikali awo akhala akugwira ntchito limodzi ndi a Royal Marines kuyambira 1973, ndipo mu 2023 maiko awiriwa adasainirana zoti aone ngati angamange sitima zofanana. Sizidatheke. Netherlands idafuna sitima zisanu ndi imodzi zocheperako, zolowa m'malo mwa sitima zake ziwiri zotsitsa asilikali, Rotterdam ndi Johan de Witt, ndi zinayi zolondera, pomwe Britain idafuna zazikulu ndi zokhala ndi zida zambiri. Adagwirizana zoti aliyense amange zake, koma zida ndi maboti zizitha kugwirizana. Ku America nako vuto ndi lomweli pamlingo waukulu: lamulo limafuna sitima zotere zosachepera 31, koma ofesi younika za boma kumeneko idapeza kumapeto kwa 2024 kuti theka la zomwe zilipo lili m'mavuto a makonzedwe.

Wina angafunse kuti ife a kuno, otalikirana ndi nyanja yamchere, zikutikhudza bwanji. Sitima zimenezi nthawi zambiri sizimenya nkhondo. Mu 2006 Bulwark idatulutsa anthu oposa 1,000 ku Beirut kupita nawo ku Cyprus. Mu 2015 idapulumutsa zikwi za anthu omwe adatsala pang'ono kumira pa Mediterranean, ambiri a iwo ochokera mu Africa muno. Mounts Bay idali m'gulu la zoyamba kufika ndi chithandizo pa zilumba za Caribbean pambuyo pa namondwe wa Irma mu 2017. Ndipo pamene namondwe wa Idai adasakaza Beira mu March 2019, doko lomwe mafuta ndi katundu wathu wambiri amadzera, msewu waukulu wolowa mumzindawo udaduka. Ena mwa oyamba kufika ndi chithandizo adali amalinyero a India omwe adapatutsa sitima zitatu, imodzi mwa izo INS Shardul, yotsitsa katundu pagombe. Patapita masiku, France idatumiza Tonnerre, yokhala ndi doko m'mimba ndi helikopita pamwamba. Luso lotsitsa kasinja pamchenga ndi lomwelo lotsitsa mpunga, matenti ndi makina oyeretsa madzi pomwe doko lagumuka. Dziko lina likachepetsa sitima zotere, ochepa ndiwonso angabwere tsiku lomwe madzi adzasefukirenso.

Pa ganizo la 2024 lopumitsa Albion ndi Bulwark, ine sindiimba mlandu amene adalilengeza. Kusunga sitima m'mabuku pomwe ukudziwa kuti ilibe anthu oiyendetsa ndi kunamiza abwenzi omwe akuidalira. Cholakwa chidachitika kale, m'zaka zonse zomwe aliyense ankadziwa tsiku lomwe sitimazi zidzatope koma osayamba kumanga zina. Sitima yotere imatenga zaka pafupifupi khumi kuchokera pa chojambula kufika poyamba ntchito, choncho mpata womwe ulipo lero udakumbidwa kalekale. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Sitima ya 2033 singatulutse munthu mumzinda womwe wayaka moto chaka chino.

Chomwe chimawonongeka mumpata woterewu sichioneka m'mabuku a ndalama. Kulowetsa boti la mamita 30 m'doko la sitima yomwe ikuyenda, usiku, magetsi atazimitsidwa, madzi a m'dokomo akuwinduka ndi mafunde, ndi luso lomwe limakhala m'manja mwa anthu. Woyendetsa boti amaliphunzira kwa amene adamutsogolera. Wolamula dokolo amadziwa ndi maso nthawi yoitana boti ndi nthawi yoliuza kuti lidikire. Wina amakhala pagombe kuyeza ngati mchenga ungasenze galimoto, wina amadziwa kulongedza sitima kuti chofunika koyamba chituluke koyamba. Ma Bay atatu asunga gawo la lusoli, koma kuyendetsa boti limodzi n'kosiyana ndi kuyendetsa asanu ndi atatu nthawi imodzi, helikopita zikutera pamwamba. Anthu omwe adachita zimenezi pa Albion mu 2023, ambiri adzakhala atapuma kapena atapita ku ntchito zina pofika tsiku lomwe sitima yoyamba yatsopano idzagwetse chitseko chake, ndipo achinyamata omwe adzaime m'dokomo tsikulo pano ali kusukulu.